Pakamwa Panga Panathamangitsa Tadala

Inu owerenga, mwana wanga ndinamuthamangitsa ndekha, popanda ndodo, ndi pakamwa pokha.

Ndine namwino panyumba ina yosamalira okalamba ku Manchester. Mwana ndili naye mmodzi, Tadala, wobadwira konkuno. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, choncho pakhomo tinkacheza m'Chingerezi. Akandiputa m'pamene ndinkatembenukira ku Chichewa: mbuzi iwe, chitsiru, unatengera bambo ako. Umu ndi momwe tinakulira ife, ndipo sindinkaonapo cholakwika. Ndinaiwala kuti ife tikakalipiridwa tinkathawira kwa azakhali kukatonthozedwa. Tadala analibe kothawira.

Masana ena ndinamuimbira foni ndili pakhonde kuntchito, nkhani yake mbale zosatsuka. Ndinamusambitsa chokweza, podziwa kuti palibe womva Chichewa. Nditadula, gogo wina wochokera ku Hong Kong, amene ankaothera dzuwa pomwepo, anandiyang'anitsitsa nati, "Zim syun hak bok."

Ndinachita mantha. Kuno wokalamba akakudandaula kwa mabwana kuti uli ndi nkhanza, ntchito imatha ukuona. Sabata yonse ndinkangodikira kuti bwana andiitana. Mapeto ake ndinafunsa Mei, namwino mnzanga wa kwawo komweko. Anati mawuwo ndi Chikantoni, chilankhulo chawo, ndipo amanena munthu wolankhula mobaya, mowawasa, mopanda chifundo. Kenaka ananditengera kwa gogowo, iyeyo n'kumatimasulira.

Gogo sanakandinenere kwa aliyense. Anati zimene ndinkalankhula pafoni sanamve n'chimodzi chomwe, koma kalankhulidweko anakazindikira chifukwa kanali kawo. Mwana wawo wamwamuna anawauza mawu a Chikantoni omwewo tsiku limene anachoka pakhomo. Chiyambireni kuwasamalira, sindinaonepo munthu wodzawazonda.

Mukuganiza kuti ndinasintha? Ayi. Ndinangopumira m'mwamba kuti ntchito yapulumuka, pakamwa n'kupitiriza.

Tadala atapeza malo kuyunivesite ku Newcastle, ndinamuperekeza kukakwera sitima. Ndinkafuna kumuuza kuti ndidzamusowa, koma chimene chinatuluka n'chakuti asakandichititse manyazi ndi uchitsiru wakewo. Anandiyankha m'Chichewa choyera, koyamba m'moyo wake: "Musadandaule amayi, mbuzi yanu yapita."

Pa Khirisimasi sanabwere. Foni imangoitana mpaka kuduka yokha. Mauthenga amawerenga, osayankha. Sindikudziwa ngati akudya, ngati ali ndi jekete lokwanira kuzizira kwa kumeneko, ngati adzabwerenso. Ndikuopa, inu owerenga, ndikuopa kwambiri.

Makolo anzanga amene mukulera ana kunja kuno, musasungire Chichewa mkwiyo wokha. Mwana azimvanso mukumutchula mwanawanga, mukumuthokoza, mukumupepesa m'chilankhulo chomwecho. Mawu akatuluka sabwezedwa, ndipo kuno kulibe azakhali odzafafaniza zimene mwanena.

M'mawa uliwonse ndimakhazika gogo aja pawindo loyang'ana kugeti, chifukwa ndi pomwe amafuna kukhala. Ndikawafunditsa bulangete, nanenso ndimayang'ana kugetiko. Pawindopo pali malo a mpando wina.