Chimanga Chachikasu cha M'shedi

Loko wake anali wamkuwa, wamkulu ngati chikhatho cha bambo, ndipo dzuwa likamuwomba ankathobwa m'maso. Anali pa chitseko cha shedi ya malata kuseri kwa sukulu yathu, m'mudzi wa kufupi ndi Tamanda. M'katimo munali matumba a chimanga chachikasu chothandizira anthu pa njala, osanjikizana mpaka kudenga. Ife ana tinkagunditsa mphuno pa mipata ya malata n'kumanunkhiza fumbi ndi masaka atsopano.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chisanamasule. Kunyumba tinali atatu: Amayi, ine, ndi mng'ono wanga. Atate anali atatisiya kale. Tinkadya mango aawisi owiritsa ndi zitsa za nthochi, mpaka tsitsi la mwanayo linayamba kufiira, mapazi n'kutupa.

Tsiku lina kunabwera galimoto yochokera ku Chipata, ili ndi chimkuzamawu padenga. Wolankhulayo sanatsike n'komwe. "Chimangachi anachisintha asayansi akunja. Ndi poizoni! Munthu asadye!" Anabwereza kangapo, galimoto n'kutembenuka. Pofika Lamulungu, pabwalo la tchalitchi anthu anali atawonjezerapo kale zawo: wodya sadzabereka, wodya adzaphulika mimba.

Amayi anapita kwa Aphunzitsi athu a sayansi, ine ndili pambuyo. Anagwada pakhonde n'kufunsa funso limodzi lokha, loti kodi mwana akadya afa? Aphunzitsi anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali. Anati kumene chachokerako anthu amadya tsiku ndi tsiku. Anati chimene akuluakulu akuopa kwenikweni n'chakuti chikabzalidwa chingasakanikirane ndi mbewu zathu zamakolo, ndipo asayansi enieniwo sanagwirizanebe. "Koma kuti ndinene kuti dyani, mayi, ine sindingathe. Sindinachipime, komanso ntchito ingandithere." Amayi anawomba m'manja mwaulemu, tinabwerera.

Lero ndine namwino. Ndimaima pamaso pa amayi ku sikelo kufotokoza za katemera, ndipo ndikakumbukira anthu awiri aja sindidziwa amene ndimukwiyire kwambiri. Wa m'galimoto uja anali ndi nkhawa yoyenera kumvedwa, koma anaipanikiza m'liwu limodzi loopsa n'kuthawa mafunso. Aphunzitsi ananena zoona zokhazokha, koma anazinenera pakhonde, kwa mayi mmodzi, motsitsa mawu. Onse awiri kwawo ankadya.

Njala itafika posauzana, amuna a m'mudzi anathyola shedi ija dzuwa likuswa mtengo. Amalume, alongo awo a Amayi, anabwera akuthamanga ndi ndowa yodzaza atavindikira ndi shati. "Mlongo, poizoni amene ndikumudziwa ine ndi njala," anatero, n'kuthawira kudimba kuopa apolisi.

Ndowa ija inalowa pansi pa bedi. Amayi anatseka chitseko natiletsa kutuluka, kuopa kuti tingaulule kwa anzathu. Kunja mvula inali itabwerera, yosathandizanso kanthu, ikungodontha pa udzu wa denga. Tinakhala m'chipinda chimodzi ndi chakudya chimene sitinkaloledwa kuchikhudza. Amayi ankaikoka ndowayo, kutapa chimanga m'manja, kuchiyang'anitsitsa, kuchibwezera. Mng'ono wanga anali atasiya ngakhale kulira, ankangotsatira manja awowo ndi maso.

Kenako m'mawa wina Amayi anapera pang'ono pamphero, naphika phala m'kapoto. Tinasendera pafupi, mbale zili m'manja. Amayi anatifulatira, nadya okha phala lonse mpaka kukanda m'poto. Atatha anachita chizindikiro cha mtanda, nandiuza osandiyang'ana kuti, "Ukaona ndachedwa kudzuka, umubereke mwana upite naye kwa amalume ako." Ife anatipatsa mango. M'mawa mwake anachitanso chimodzimodzi.

Patapita masiku anatipakulira ifenso. Mng'ono wanga anadya mpaka kunyambita zala, mapazi anaphwa pang'onopang'ono, ndipo lero ali ku Navutika, m'tauni ya Chipata, ndi banja lake.

Koma masiku apakati aja ine ndinkawayang'ana Amayi ndi chidani. Maso anga ankaperekeza sipuni iliyonse yolowa m'kamwa mwawo, ndipo ndinanong'oneza mng'ono wanga kuti njala yawasandutsa Amayi munthu womana. Sindinkadziwa chimene ankadikira tsiku lonse atakhala pamkeka, dzanja lili pamimba.