Zimene Ndinaona M'kamwa mwa Malume

Ndinadzuka kusanache, atambala asanayambe kulira. Tulo tinali titandibera pakhonde la kuseri nditatsamira mtondo, ndipo chinandidzutsa ndi mphepo ya mwera imene inayamba usikuwo. Amayi a mpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, tsono nthawi imeneyo ankangoimba chapansipansi. Pabwalo abambo anazungulira chitsa cha moto, ena atafunda majekete, ena matumba a feteleza.

Linali tsiku loika malume, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo m'nyumba yomweyo, kufupi ndi nyanja ku Salima. Malume ndiwo anali mwana wawo wotsala. Ankagwira ntchito yozula ndi kumata mano pachipatala cha pa boma.

Nditalowa m'nyumba kukaona agogo, ndinatsimikiza chimene dzulo lake ndinkangochikayikira. M'nyumbamo munali modzaza, amayi atapanikizana mpaka pakhomo, koma kuzungulira mphasa ya agogo panali danga. Panalibe wowatsamira kapena wowagwira phewa. Kapu imene anamwera madzi inali pambali payokha, ena onse akusinthana ina. Akazi a malume anakhala tsidya lina la bokosi pakati pa abale awo, mwana woyamwa ali pamiyendo.

Nkhaniyo ndinali nditaimva kale ku mjigo. Ankati nkhalamba imeneyi inadya mwamuna wake, inadya mwana wake wamkazi ndi mkamwini yemwe, tsopano yamaliza wamwamuna. Ankati munthu anachoka pa boma akuyenda yekha, koma atangolowa m'nyumba ya amake anayamba kuuma ngati nsomba ya pathandala. Wosonkhezera moto anali alamu awo a malume, mchimwene wa akazi awo, wogulitsa mpunga wa ku Chinguluwe. Anali atauza anthu kuti maliro akatha akaombeza, ndipo mwini wake wa imfayi akadziwika, m'mudzi muno sakhalamo. Agogo analibe kwina kopita, ndipo ine ndinalibe wina koma iwo.

Chimene chinapha malume ndinkachidziwa, chifukwa ndinachiona ndi maso anga.

Nditalemba mayeso a fomu folo, malume anapempha akuluakulu a chipatala kuti ndizikhala nawo m'chipinda cha mano, ndizionerera ntchito. Ndinkalakalaka kudzaphunzira za mano ku Lilongwe. Chozulira sankandilola kuchikhudza. Ine zanga zinali kuwiritsa zitsulo, kudula thonje, kugwira mutu wa wodwala, ndi kuwunikira ndi tochi magetsi akazima. Malume anali munthu wanthabwala. Msodzi wadzitho akayamba kunjenjemera ataona jakisoni, ankamufunsa ngati ndi yemweyo amalimbana ndi mwera pabwato. Mayi wina anabwera tsaya litatupa, atathira mafuta a mabuleki m'dzino lobowoka kuti lisiye kuwawa. Malume sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga mayi, chithirireni muja, mukumaima bwino pa siteji?" Mayiyo anaseka atagwira tsaya, ndipo dzino linatuluka mantha asanabwerere.

Anandiphunzitsa kuti munthu akaloza dzino ndisamathamangire dzinolo. Ndiziyamba ndaona lilime, nkhama, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa. Umo ndimo ndinadziwira zinthu zina zimene sindinapite kukaphunzira: zoyera ngati chambiko zokanirira palilime, zigamba zoderapo kumwamba, nkhama zodyeka mwa munthu wosakalamba. Tinkaziona mwa aphunzitsi, mwa madalaivala, mwa atsikana amsinkhu wanga. Malume akaziona nthabwala zinkatha. Ankalankhula ndi munthuyo motsitsa mawu, n'kumuperekeza okha ku chipinda china. Dzina la matendawo analitchula kamodzi, chitseko chili chotseka, kuti ndi Edzi. Anandiuzanso kuti, "Zimene waona m'kamwa mwa munthu ndi za mwini wake. Ukadzatuluka nazo pakhomo apo, usadzabwerenso muno."

Tsiku lina masana odwala atatha, anakhala okha pampando wa odwala uja, n'kundipatsa kagalasi ndi tochi. Anayasama. Zonse zimene anandiphunzitsa zinali momwemo. Atatseka pakamwa anati ndayang'ana bwino, kungoti tochi ndiziigwira mosanjenjemera chifukwa wodwala amaona. Sitinakambiranenso. Manja awo atayamba kufooka anasiya ntchito, agogo anakawatenga, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankawamwetsa phala lamadzimadzi ndi supuni, chifukwa china chilichonse chinkawawotcha m'kamwa.

Kutacha amayi anayala mafuwa kuseri kwa nyumba. Moto unavuta kuyaka. Mphepo inkaulutsa phulusa n'kulithira m'miphika, mpaka anyamata anazika malata akale kuti atchinge. Ndinkatunga madzi ndi atsikana anzanga, koma ndinaona kuti ndowa yanga ndikaitula ankatsukira mbale, osati kuphikira. Ufa umene agogo anatulutsa m'nyumba unakhala osamasulidwa. Anaphika wochokera kwa eni mkazi.

Anthu anayamba kufika dzuwa litakwera pang'ono. Chifukwa cha mwera mabwato sanalowe m'madzi, choncho asodzi onse a m'madoko oyandikana anabwera. Anansi athu achisilamu anakhala mbali yawo atavala zisoti zoyera, ndipo shehe wawo anadzagwira dzanja abale mmodzimmodzi. Pa agogo anaima pang'ono, n'kuwapatsa dzanja. Tsiku lonselo ndi iye yekha wa kunja amene anatero. A kuchipatala anabwera pa ambulansi, anamwino atavala yunifolomu. Inali nthawi imene zipani zinali zitangochuluka, ndipo pakati pa amayi panali zitenje za mitundu ya zipani zosiyana, zimene kale sizikanakhala pamphasa imodzi. Phungu watsopano anatumiza lole, dalaivala wake n'kuiimika poonekera kuti aliyense adziwe mwini wake.

Ndikudutsa ndi ndowa pafupi ndi abambo, ndinamva akukamba za malume. Wina anakoka tsaya lake ndi chala kuonetsa anzake mpata pamene panali dzino. Mnzake anati zimenezo n'zochepa, n'kuonetsa mipata yake mbali zonse ziwiri. Wachitatu anawauza kuti akapitiriza kupikisana, mitu ya usipa azikapempha ana kuti awatafunire. Anaseka chobisa. Atandiona anasiya, ndipo mmodzi anafunsa mnzake ngati ndine mdzukulu wa nkhalamba ija.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, anatulutsa bokosi pabwalo kuti anthu aone nkhope. Adzukulu, okonza maliro ndi kukumba manda, anali atamanga chibwano cha malume ndi kansalu koyera. Agogo anayang'ana nthawi yaitali osalira, n'kukonza kolala ya shati imene inapindika. Akazi a malume atafika pabokosipo anadziponya pansi. Ndinali pafupi, ndiye ndinawagwira m'khwapa kuti ndiwadzutse. Mutu wawo unagwera pamkono panga, akulira pakamwa pali pululu, dzuwa likuwomba momwemo. Sindinafune kuyang'ana, koma maso anali atazolowera. Palilime ndi m'masaya munali zoyera zija. Abale awo anabwera n'kundichotsa manja, ngati ndawadetsa.

Ku manda tinayenda wapansi chifukwa lole inakanirira mumchenga pamphambano. Anyamata ananyamula bokosi mosinthana, amayi a mpingo ali patsogolo ndi nkhata za maluwa zimene ankazikumbatira kuti zisauluke. Nyimbo inkamveka modukaduka, mphepo ikutenga mawu. Agogo ankayenda pambuyo pa bokosi ndi ndodo yawo, ine ndili pambali, ndipo anthu ankatisiyira njira yotakasuka kuposa imene tinkafuna.

Dzenje linali litagumuka mbali imodzi, poti dothi la kwathu ndi mchenga. Adzukulu analowanso ndi mafosholo, mkulu wawo akudandaula mokweza kuti dokotala ameneyu wazolowera kudikiritsa anthu pamzere. Ena anaseka, ena anapukusa mutu. Wa kuchipatala anawerenga mbiri ya malemu, n'kunena kuti anadwala nthawi yaitali. Mkulu wa mpingo analalikira za maluwa a kuthengo. Kenaka anaitana woimira banja la mkazi, ndipo anaimirira alamu aja. Anathokoza onse obwera, anathokoza phungu chifukwa cha lole. Pomaliza anati munthu wophunzira, wodziwa mankhwala, sangangouma chonchi, ndipo imfa iyi ili ndi mwini wake amene ali pompano. Sanatchule dzina, koma mitu yonse inatembenukira kumodzi.

Poika nkhata, aliyense woitanidwa ankaperekezedwa ndi amayi awiri. Ataitana mayi wa malemu, panalibe anadzuka. Ndinawagwira mkono ndine. Anaika nkhata yawo, n'kuitsendereza ndi mwala.

Titabwerera kunyumba anthu anasamba m'manja, anadya, ndipo a kutali anayamba kubalalika. Abale a mbali zonse ziwiri anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti apangane za tsiku lometa. Sanafike n'komwe pa za kumeta. Alamu aja anati mawa lomwelo alawirira kwa sing'anga wina kupitirira dera la Kuti, ndipo akufuna mayi wa malemu apite nawo kuti akadzimvere okha. Anati akakana ndiye kuti avomera. Abale athu ochepa amene analipo ankangoyang'ana pansi.

Sindinkalankhula pagulu chibadwire. Kusukulu aphunzitsi ena anatha chaka osadziwa mawu anga. Koma ndinangozindikira ndaimirira, pakati pa akuluakulu, popanda wondipatsa mpata. Ndinati ndinagwira ntchito ndi malume, ndipo tsiku lina anandiuza kuti ndiwayang'ane m'kamwa. Ndinaona akazi a malume akukweza mutu, n'kufinyira mwana pachifuwa.

Agogo anandikoka chitenje mwamphamvu mpaka ndinagwada.

"Khala pansi, Esinati. Za akulu sizikukhudza."

Kenaka anatembenukira kwa alamu aja. "Bambo, kwa sing'anga wanuyo pitani nokha, miyendo yanga yatopa. Chimene akakuuzeni mudzandiuze, mundipeza pompano."

Alamuwo anati anthu onse amva okha. Anadzuka, abale awo n'kudzuka nawo.

Kwathu maliro akaikidwa nyumba sikhala yokha. Amayi amagona pasiwa mpaka tsiku lometa, kuti ofedwa asamve kuzizira kwa nyumba. Madzulo amenewo ndinaima pakhonde n'kumaona amayi akupinda mphasa zawo mmodzimmodzi. Ena ankati akukaona ana abweranso, ena ankangodutsa. Onse analowera njira ya kwa eni mkazi. Akazi a malume anatuluka pomaliza, mwana ali kumsana. Pakhomo anaima ngati akufuna kunena kanthu kwa agogo, koma mchemwali wawo anawakoka dzanja.

Ndinasesa phulusa, ndinabweza mabenchi a kutchalitchi pakhonde, ndinalowetsa thumba la ufa lija. Agogo anakhala pamphasa pawo, pafupi ndi pamene panali bokosi. Nditayatsa koloboyi ndinawafunsa chifukwa chimene anandiletsera, pamene mawu ochepa okha akanawachotsera dzina la ufiti.

Anati matendawo ankawadziwa. Mwana wawoyo ankamusambitsa ndi iwo, ndipo wailesi nawonso amamva. "Ukanatchula, mawa ndani akanagula mandasi a mkazi uja pamsika? Ndani akanamunyamulira mwana? Ine ndakalamba. Dzina limeneli sindilisenza nthawi yaitali."

Ndinawauza kuti akatithamangitsa tilibe kopita. Anati akabwera tidzaona pomwepo. Ndinakumbukira lamulo la malume lija. Kenaka ndinawauza zimene ndinaona pabokosi paja m'kamwa mwa akazi a malume, ndi kuti sindikukhulupirira kuti dzinja likudzali alimaliza.

Agogo anayang'ana khomo limene mayi uja anatulukira.

"Ndiye amenewonso adzati ndine," anatero. "Ndipo mwana uja sadzandilola n'kumugwira komwe."

Apo m'pamene analira, koyamba chimwalirireni malume. Sanakweze mawu. Kutali, kwa eni mkazi, amayi anali atayamba nyimbo, ndipo mphepo inkatibweretsera zidutswa zake. Ndinakoka mphasa yanga n'kuilumikiza ndi yawo, ndipo anatsamira paphewa panga.