Kuseri kwa fomu ya a Lufeyo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pakhomo la tchalitchi. Ndinali nditamaliza maphunziro a makompyuta m'tauni, ndabwerera kwathu ku Nsaru ndi satifiketi m'chikwama, koma kwa miyezi ingapo chimene ndinkachita n'kuthirira nazale ya fodya ya bambo. Anzanga anali atayamba kale kunditcha injiniya wa keni. Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero, a Mbewe, amene ankayang'anira ofesi ya bungwe lina la alimi kwathu konko, anandikodola.

"Iwe, ndamva kuti unaphunzira zoyankhula ndi makompyuta. Kuofesi tili ndi makina awiri akukanirana ngati akazi a pamitala. Ubwere mawa udzawayanjanitse."

Lolemba m'mawa ndinali pakhomo la ofesi asanatsegule n'komwe.

Bungwelo linkagawa madimba a mthirira kwa mamembala ake m'madera a Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Membala aliyense anali ndi fomu ya pepala limodzi yonena dzina lake, mudzi wake ndi nambala ya dimba. Mafomuwo anali atadzaza chipinda chonse, ndiye akuluakulu anagula pulogalamu yaikulu yosungira mbiri ya mamembala, pamodzi ndi sikana, makina ojambula mapepala kuti alowe mu kompyuta. Vuto linali lakuti pulogalamu yaikuluyo inalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Java, pamene kapulogalamu koyendetsa sikana kanalembedwa mu C++. Ziwirizi sizimvana popanda womasulira. Ine ndinalembedwa ntchito kuti ndilembe womasulirayo, kachidutswa ka pakati komwe tinkangokatcha mlatho.

Kayendedwe kake kanali kotere. Uika fomu mu sikana, iyo ijambula mbali zonse ziwiri nthawi imodzi n'kutulutsa fayilo imodzi ya mtundu wa TIFF yokhala ndi masamba awiri, kutsogolo ndi kuseri. Mlatho wanga utenga zithunzizo kumbali ya C++, uzipereka ku Java, Java azimata pa dzina la membala, kenako fayilo ya poyamba ija ifufutidwa kuti isadzaze kompyuta. Ndinalemba zonsezi m'masabata awiri, ndipo tsiku limene fomu yoyamba inaonekera pa sikirini ndinkayenda ngati ndine ndinapanga magetsi.

Chisangalalo sichinakhalitse. Tikajambula mafomu makumi anayi kapena asanu, pulogalamu yonse inkauma gwa, mpaka kuzimitsa kompyuta. Chifukwa chake ndinadzachidziwa mochedwa. Java amadzisesera yekha malo amene wagwiritsa ntchito mu memole ya kompyuta, pamene C++ safuna zimenezo, ukabwereka malo uyenera kuwabweza wekha. Mlatho wanga unkabwereka osabweza. Nthawi imeneyo sindinkadziwa, ndipo kufunsa ndinkaona ngati n'kudzivula. A Mbewe ankasuzumira pakhomo tsiku lililonse: "Bwanji, akazi ako aja ayanjana?"

Ndipamene ndinapeza nzeru yachidule. Ndinatola mafomu khumi pamwamba pa mulu, onse a ku Nsaru, n'kuwatembenuza. Kuseri kunali koyera. Ndinati m'mtima, tikuvutikiranji ndi tsamba lopanda kanthu? Ndinasintha mlatho kuti uzitenga tsamba loyamba lokha. Mafayilo anachepa, pulogalamu inayamba kupirira mpaka masana, ndipo tikaizimitsa popita ku nkhomaliro inkafika madzulo bwinobwino. Sindinauze munthu aliyense. A Mbewe ananditamanda pamaso pa komiti ya bungwelo, ine n'kumangogwedeza mutu. Paja amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Titamaliza mafomu onse, chipinda chija chinafunika kuti asungiremo mbewu. A Mbewe anati poti zonse zili mu kompyuta, mapepala achoke. Ena anawotchedwa kuseri kwa ofesi, ena anatengedwa ndi amayi ogulitsa mandasi pamsika kuti azikulungira. Ine ndinathandiza nawo kunyamula.

Patapita chaka, mvula itangosiya, anthu akukonza madimba, m'mawa wina kunabwera mayi wovala mpango wakuda, atatsagana ndi bambo wachikulire wa jekete. Bamboyo anati ndi a Gwaza, mkulu wa mpingo ku Nambuma, mphunzitsi wopuma, ndipo ndi iwo amene ankalemba mafomu a kumeneko. Mayiwo anali a Nabanda, mkazi wa malemu a Lufeyo Phiri. Anali wa chitengwa, kwawo kunali ku Kabudula koma anakhala kumudzi kwa mwamuna zaka zonse. Tsopano mphwa wa malemuyo anali atalanda dimba, akunena kuti ndi la kubanja kwawo. Komiti ya mthirira inali itanena kuti Loweruka idzagamula potengera zimene zili pa fomu.

"Ine polemba mafomu ndinkafunsa aliyense kuti mukadzatisiya dimbali lidzakhala la yani," anatero a Gwaza. "Yankho ndinkalemba kuseri, mwini wake n'kudinda chala, mboni ziwiri n'kudindanso. A Lufeyo anatchula mayiwa ndi ana. Mungotisindikizira kuseriko basi."

Ndinalemba dzina la a Lufeyo, fomu inatuluka pa sikirini, yooneka bwino, dzina, mudzi, nambala ya dimba. Ndinadina batani la tsamba lotsatira ndikudziwa kuti kulibe tsamba lotsatira. Ndinadinanso kachiwiri, kachitatu, kuti aone ngati ndikuyesetsa.

"Mu kompyuta mulibe," ndinatero.

A Mbewe anabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Iwo ankandikhulupirira ndi mtima wonse, ndiye anayankhula mosakayika. "Makinawa amajambula mbali zonse ziwiri, abambo. Ngati mulibe ndiye kuti sipanalembedwe kanthu. Si choncho, iwe?"

Apa ndi pamene panafunika kuti nditsegule pakamwa. Mawu ake anali ochepa: panalembedwa kapena ayi sitingadziwe, chifukwa kuseri kwa mafomu onse ndinataya ndine. Ndinaganiza za komiti imene inandiombera m'manja, ndinaganiza zobwerera ku nazale ya fodya. Ndinangoyang'ana pa kiyibodi n'kunena kuti, "Eya."

A Gwaza anavula magalasi. "Mukutanthauza kuti ine ndikunama, eti? Zaka zonse ndagwira choko, lero ndiname chifukwa cha dimba la anyezi?"

Mayi Nabanda sanakweze mawu. Anasendera pafupi ndi tebulo langa, nandionetsa chala chawo chachikulu.

"Mwana wanga, ine sindidziwa kuwerenga. Koma tsiku limenelo ndinalipo. Bambo anadinda, inki inatsalira pachala, ndinawapukuta ndi nsonga ya chitenje changa. Tayang'ananso bwino, mwina pepalalo lagwera kwina."

Ndinayang'ananso, kunamizira. Anathokoza, anatsanzika mwaulemu, anakwera kabaza kubwerera.

Masana amenewo sindinadye. Ndinapita pamsika kwa amayi a mandasi kukafunsa ngati anatsala ndi mapepala a kuofesi. Mmodzi anandiseka, "Achimwene, a chaka chatha? Anapita kalekale ndi makasitomala." Wina anapeza atatu pansi pa dengu, onyowa ndi mafuta. Awiri anali a ku Nambuma. Nditawatembenuza ndinaona zolemba za a Gwaza, zoongoka ngati za pa bolodi, ndi zidindo za zala zitatu pansi pake. Fomu ya a Lufeyo panalibe. Koma mapepala awiriwo anali okwana kuonetsa komiti kuti mkuluyo sankanama. Ndinawapinda, ndinawaika m'thumba la malaya, ndipo Loweruka linadutsa ali m'thumba momwemo.

Ndinakaulula kwa a Mbewe patapita masabata awiri, tulo titandikana. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Kulakwitsa makina ndikanakukhululukira tsiku lomwelo. Koma unandisiya ndinyoze mkulu wa mpingo pamaso pa mayi wamasiye." Sanandichotse ntchito. Anandituma ku Nambuma pa njinga kuti ndikanene ndekha.

Ndinapeza dimba lili kale m'manja mwa mphwa uja, atabzalamo tomato. Komiti inati nkhani inatha, ndipo popanda fomu yeniyeni ya a Lufeyo sangaitsegulenso. Mayi Nabanda anali atalongedza, abwerera kwawo ku Kabudula ndi ana atatu. A Gwaza anandilandira pakhonde, anamva zonse, anayang'ana mapepala a mafuta aja. "Ukanabwera nawo Loweruka lija," anatero, n'kundibwezera.

Nditabwerera kuofesi ndinakhala pansi kufufuza chimene chinkaumitsa pulogalamu. Ndinachipeza tsiku lomwelo lisanafike madzulo. Unali mzere umodzi wosowa, wouza C++ kuti abweze malo amene wabwereka. Mzere umodzi. Nditauika, mlatho unkanyamula masamba onse awiri tsiku lonse osatsokomola. Tinayamba kuzungulira midzi kulembanso kuseri kwa mafomu, kwa amene eni ake anali akadali moyo.

Lero ndagwira ntchito imeneyi m'maofesi angapo, ndipo anzanga amandinena kuti ndine wovuta. Pulogalamu iliyonse imene ndalemba imawerenga masamba olowa ndi masamba otuluka, akasiyana imaima n'kukuwa. Pepala lenileni sindilola kuti lichoke munthu asanaliyerekeze ndi la pa sikirini, mbali zonse. Zimenezo n'zosavuta kuphunzitsa. Chimene ndimalephera kufotokoza bwino kwa amene akuyamba ntchito n'chakuti munthu akamakutsutsa iwe uli ndi kompyuta kutsogolo, anthu amakhulupirira iwe, ngakhale iyeyo akunena zoona.

Ku Kabudula ndadutsako kambirimbiri pa ntchito. Mudzi wa mayi Nabanda ndimaudziwa, a Gwaza anandiuza. Sindinapatukirepo, ndipo mpaka lero mayiwo akudziwa kuti mwana wa kuofesi uja anayesetsa kuwafunira.