Chipewa pa Maliro a Mayi

M'chaka cha 1984, Edmund wa ku Nkope anatsika basi yochokera ku Blantyre ali ndi khutu limodzi ndi theka. Theka linalo madokotala analidula pamodzi ndi chilonda chimene chinakana kupola chaka chathunthu. Inali khansa ya pakhungu. Edmund anali mwalubino, ndipo kuyambira ubwana wake ankakoka khoka pamchenga, dzuwa lili paliwombo, ngati anzake onse.

Pomutulutsa m'chipatala, dokotala anamulangiza kuti: "Tachotsa yonse, bambo, koma ikhoza kubweranso, ndipo chimene chimaiitana ndi dzuwa. Chipewa chachikulu chisachoke kumutu, malaya akhale a manja aatali, masana muzikhala pamthunzi. Tizikuonani miyezi itatu iliyonse. Kachilonda kalikonse kosapola, muzithamanga nako kuno."

Mawu otere savuta kunena uli mu ofesi. Koma nanga khoka amakokera pamthunzi? Ntchito yokhayo imene Edmund ankaidziwa inathera pomwepo. Anakhala pakhonde milungu ingapo, mkazi wake Hana akuvutika yekha kumunda. Kunena zoona, munthuyu anataya mtima.

Chimene chinamudzutsa ndi chipewa. Za m'sitolo zinali zazing'ono, makutu zinkawasiya pamtunda. Anapempha Hana kuti amudulire mlaza, nayamba kuluka chake. Choyamba chinatuluka ngati dengu limene ng'ombe yapondapo, moti Hana anaseka mpaka kukhala pansi. Chachinayi ndiye chinali chipewa ndithu, chotambalala mpaka m'mapewa. Asodzi atachiona anayamba kufuna zawo. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Koma vuto lalikulu silinali njala ayi. Linali ulemu. Kwathu kuno mwamuna amavula chipewa pamaso pa akuluakulu, pamsonkhano, makamaka pamaliro. Masiku amenewo msonkhano wa chipani sunkathawika, ndipo tsiku lina Edmund anakhala pabwalo maola atatu, chipewa chili pamaondo, poopa kuti anganenedwe kuti ndi wamwano. Mawa lake khosi lonse linali matuza. Limodzi linachedwa kupola, ndipo kwa milungu iwiri ankaopa kuti khansa ija yabweranso. Mwamwayi achipatala anati n'kupsa chabe, koma anamukalipira ngati mwana.

Pobwerera Hana anamufunsa kuti, "Kodi bambo, ulemu umenewu udzalera ana anu?"

Funsolo linamulowa Edmund.

Mu Okutobala, dzuwa la ku Mangochi likuotcha ngati ng'anjo, mayi ake a Edmund anamwalira. Mwambo wa m'tchalitchi utatha, anthu ananyamuka ulendo wa kumanda nthawi ya masana. Amuna onse anavula zipewa. Edmund anagwira chake, kenako n'kuchisiya pomwepo pamutu.

Manong'onong'o anayamba. Pamanda, a Basil, mlongo wawo wa malemuwo, anamuyandikira maso ali psuu.

"Iwe Edmund, amene tikuika panowa ndi mayi ako. Vula chinthucho."

Anthu onse anatembenuka. Edmund ankawakonda mayi ake kwambiri, ndipo mawuwo anamupweteka kuposa mpeni wa dokotala. Anagwada pansi, chipewa chili kumutu, nayankha motsitsa mawu:

"Amalume, pepani. Ndikavula lero, auzeni adzukuluwa asatsuke makasu. Abweranso posachedwa."

A Basil anayang'ana khutu lodukalo, nabwerera pamalo pawo. Wansembe anapitiriza pemphero. Edmund analira mayi ake mpaka dothi lomaliza, nkhope ili pamthunzi.

Musaganize kuti mudzi unamuombera m'manja. Ena anamutcha wonyada, ndipo a Basil anatha miyezi osamupatsa moni. Koma kuyambira tsiku limenelo sanavulenso padzuwa. Msonkhano wotsatira usanachitike anapita yekha kwa tcheyamani wa chipani ndi kalata ya kuchipatala, ndipo anamulola kumakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi nkhalamba. Kumunda ankalawirira m'mamawa, dzuwa likakwera n'kubwerera kukaluka pakhonde. Loweruka lililonse Hana ankamuyang'ana kumsana ndi kuseri kwa makutu, kumene munthu sadziona yekha. Kawiri anapeza kachilonda kokayikitsa, ndipo kawiri konseko achipatala anakachotsa kasanakule.

Zipewa zake zinafika mpaka ku Chembe, kumene alendo oyendera nyanja ankazilimbirana. Ana ake atatu anaphunzira sukulu chifukwa cha mlaza. Pamene a Basil anamwalira patapita zaka zisanu ndi zinayi, Edmund anali m'gulu la onyamula bokosi, wamphamvu ndithu, khungu lake lopanda chilonda.

Inu amene mwapatsidwa mwayi wachiwiri, mwina mdani wanu si matendawo ayi, koma maso a anthu. Manyazi anapha lambe. Anthu amalankhula mpaka kutopa, koma moyo ukapita subwerera. Tsatirani zimene akuuzani kuchipatala, ngakhale mudzi wonse ukuyang'aneni. Osataya mtima, ndipo osavula chimene chikukusungani ndi moyo.