Mankhwala a Mana Rozita

Dzulo mwana wanga anabwera kuchokera kuchipatala ku Furancungo ndi makomprimidu, mapiritsi a matenda a nkhawa. Nditangomva fungo la kathumba kake, ndinakumbukira mkulu wanga, mana Rozita.

Nthawi ya nkhondo tinkabisala m'tchire ku Chidzolomondo. Bambo atawomberedwa, Rozita anawakwirira yekha, ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anasiya kudya ndi kuyankhula, mpaka anamwino ena anamupatsa timankhwala toyera, towawa. Anayambanso kudya, koma ankangosinza, n'kumaiwala ngakhale kuthira mchere m'ndiwo.

Tsiku lina amayi anati, "Rozita, tiye ukatisonyeze pamene anagona abambo ako."

Tinazungulira m'misuku monse mpaka miyendo kutupa.

"Amayi, sindikupakumbukira," anatero Rozita.

Ine ndinkaganiza kuti timankhwalato tikumudya nzeru ngati anankafumbwe m'chimanga. Ndinatiba n'kukatitaya mumtsinje. Patapita masiku, Rozita anayambanso kulira ndi kukana chakudya, koma mandawo sanawakumbukirebe.

Mpaka lero sindidziwa ngati anamuiwalitsa ndi mankhwala kapena zimene maso ake anaona. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinamutayira chokhacho chimene chinkamudyetsa.