Nkhope ya abambo pakhoma la amayi

Kwathu ku Mitundu, chaka chimene ndinali Sitandade 4, kunkabwera munthu wojambula zithunzi. Ankayenda pa njinga, kamera ili m'khosi, jekete lakuda lili pakaliyala. Jeketelo ankabwereka aliyense wofuna kujambulitsa. N'chifukwa chake amuna onse a m'mudzi mwathu pazithunzi zawo anavala jekete limodzi. Ena linkawathina m'khwapa, ena manja awo ankasowera m'kati.

Abambo anga sankafuna zojambulitsa. Ankati nkhope yawo amaidziwa kale. Koma chaka chimenecho fodya anayenda bwino, ndipo mlongo wanga wamkulu, Filesi, anawaumiriza mpaka anavomera. Wojambulayo anakana kuwaimika pabwalo. Anati dzuwa la pamtetete limatsinzinitsa anthu. Anawakhazika pakhomo pa chigafa, nawatembenuza chibwano ndi chala ngati mwana. Sindinaonepo munthu wina akugwira chibwano cha abambo.

Patapita masabata awiri chithunzi chinabwera, atakachitsuka ku Lilongwe. Anthu anayamikira jekete. Ine ndinayang'ana nkhope. Kusukulu tinkajambula munthu motere: mutu wozungulira, madontho awiri, kamzere ka pakamwa, basi. Pachithunzipo panalibe mzere ngakhale umodzi. Tsaya limodzi linali lowala, lina lakuda. Mphuno inkaoneka chifukwa cha mdima wa pambali pake. Pansi pa maso panali polowa. Kwathu mwana sayang'anitsitsa bambo wake kumaso, ndiye aka kanali koyamba kuwaona bwinobwino. Ndinadabwa kuti anali munthu wotopa.

Chithunzicho chinkakhala m'buku la nyimbo la amayi. Ndinkachiba kawirikawiri, n'kuchibwezera patsamba lomwelo.

Mwezi womwewo kunali chinkhoswe cha Filesi. Amayi anazira nyumba masiku atatu. Dothi lakuda anakatenga kudambo, katondo kumsewu. Loyera linkapezeka kutali, ulendo wonyamuka m'mawa n'kubwera masana, dengu lili pamutu. Khoma lakumaso analizira loyera, m'munsi n'kudutsitsa lakuda, mzere wake wowongoka ngati anayeza ndi chingwe. Anatichenjeza tonse kuti wokhudza khomalo aona. Ngakhale nkhuku zinkadutsa patali.

Lachisanu m'mawa, mawa lake kuli chinkhoswe, amayi ndi Filesi anapita kuchigayo. Abambo anali kudimba. Kuseri kwa nyumba kunali mapale atatu a dothi lotsala, lidakali lonyowa. Khoma loyera lija linkangondiyang'ana.

Ndinagubuduza mtondo, n'kuuvundikira, n'kukwerapo. Chithunzi ndinachigwira kumanzere. Ndinayamba ndi tsaya lakuda, popaka ndi zala. Dothi la kudambo limazizira m'manja ndipo limanunkhira ngati mvula yoyamba. Pamene pankafunika mdima wochepa ndinkasakaniza lakuda ndi loyera. Tsitsi ndinadinda ndi chitsononkho. Katondo ndinaika pang'ono pamlomo. Nkhope inakula kuposa lichero. Nditatsika n'kubwerera m'mbuyo, ndinachita mantha. Abambo ankandiyang'ana ali pakhoma.

Thumba la ufa linagwa kumbuyo kwanga. Amayi ndi Filesi sindinawamve akubwera.

Filesi anayamba kulira. Anati akuchimuna akafika mawa aziyesa kuti abwera pometera tsitsi. Amayi anasuzumira m'phale la dothi loyera, napeza ndalikokota lonse. Anati lofufutira palibe, nthawi yokatenga lina palibe, thobwa sanaphike, ndipo alendo akanena kwawo kuti Anaphiri nyumba yawo ndi ya masewera. Kenako anapita pamtengo wa pichesi n'kuthyola kanthambi. Anakasadza masamba mosafulumira.

Abambo anatulukira khasu lili paphewa. Anaima. Anayang'ana khoma nthawi yaitali, osafunsa kuti wachita ndani, poti matope anali mpaka m'zigongono mwanga. Anatenga chithunzi m'manja mwanga, nayang'ana uku ndi uku.

“Makutuwa ndi anga ndithu,” anatero. “Anaphiri, kamtengoko tayani.”

“Nkhope ndi yanu, koma khoma ndi langa,” anayankha amayi.

Abambo sanatsutse. Kwathu mwamuna amamanga ndi kufolera, koma zozira sizimukhudza. Anatsamiritsa khasu, nakhala pakhonde. Ndinadziwa kuti loya wanga wathera pomwepo.

Amayi anayandikira khoma, kanthambi kali m'manja. Ndinkayembekeza kuti atenga nsanza yonyowa. Anayang'ana tsaya, anayang'ana pansi pa maso. Anadandaula kuti ndawakalambitsa amuna awo. Abambo ali pakhondepo anati wawakalambitsa ndi fodya, mwana asanamiziridwe. Amayi anafuna kuseka, koma anadzigwira. Anakhudza tsaya lakuda lija ndi chala.

“Iwe, dothi likauma limayera. Tsaya ili pofika mawa lisowa. Katenge makala, usinje.”

Ndinathamanga. Amayi anasakaniza makalawo ndi dothi la kudambo, napaka okha kachiwiri ndi chikhatho, kamodzi kokha, osabwereza. Anandionetsa kuti chikhatho chimasalaza, zala zimasiya mizere. Atamaliza anazunguliza nkhope yonse ndi katondo kuti izioneka ngati anachita kufuna. Kenako anasamba m'manja, natola kanthambi kaja, n'kundikwapula kawiri kumiyendo. Anati zimenezo ndi za dothi loyera. Za nkhope sanandimenye.

Mawa lake akuchimuna anafika. Nkhoswe yawo, mkulu wa imvi, anaima pabwalo, nayang'ana khoma, nayang'ana abambo, n'kufunsa kuti apereke moni kwa ati poyamba. Anthu anaseka, Filesi yemwe. Azimayi achilendo anafunsa amayi kuti makala amasakaniza bwanji, ndipo amayi anafotokoza ngati akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse. Dzina langa silinatchulidwe. Nkhopeyo inakhala mpaka mvula inaichotsa.

Lero ndili ndi kashopu ku Nathenje. Ndimalemba zikwangwani, ndimajambula nkhope pamakoma a masitolo ndi malo ometera. Ndimagwiritsa ntchito penti wa m'zitini. Nyumba zambiri ndi za simenti tsopano, ozira atsala ochepa. Anthu amabwera ndi zithunzi za m'foni, zambirimbiri, nkhope zosalala ngati mbale, popanda pakuda paliponse. Ndimawauza kuti andipezere china chosakonza. Ena amakwiya. Ndimawasiya.

Amayi sanajambulitsepo. Ankati alibe nthawi yokhala pansi. Nkhope yawo ndayesa kangapo kuijambula kuchokera m'mutu. Manja amatuluka bwino. Nkhope imakana.