Ndinathira Feteleza Pamene Anati Ndisakhudze

Inu owerenga, ine ndinathetsa chibwenzi cha zaka zinayi ndi chidebe chimodzi cha feteleza. Ku koleji ndinakhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi mayeso tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndiye Esinati, amene ndinkafuna kumukwatira, atayamba digiri ija imene munthu amatchedwa nayo dokotala koma osabaya jakisoni, ndinadzisankha ndekha kukhala mlangizi wake.

Pa kafukufuku wawo anali atatu: Esinati woona za dothi, mayi wina woona za kadyedwe ka ana, ndi bambo wina wa zachuma. Onsewa ankadalira munda umodzi wa kachewere umene mayi anga anawabwereka ku Tsangano. Atatuwa anaugawa pawiri, mbali ina yothira manyowa, ina yosathira kanthu kuti aziyerekezera. Esinati anandiuza kawiri konse kuti mbali yachiwiriyo ndisaikhudze.

Koma mbaliyo inali yakumsewu. Masamba anachita chikasu, ndipo odutsa ankafunsa mayi anga ngati walima zimenezo ndi mpongozi wawo wophunzira uja. Zinandiwawa. Loweruka lina m'mawa ndinathirako feteleza, mtima uli ngati ndikupulumutsa dziko.

Pokolola, mbali yosathira kanthu inaposa ya manyowa. Ntchito ya anthu atatu inagwera pomwepo. Wa zachuma uja anati Esinati anasokoneza zikwangwani, wa za ana anasiya kumuyankha foni, ndipo aphunzitsi awo anamuchotsa pagululo kuti akayambirenso yekha. Ine ndinangoti mwina dothi lakwathu silikonda sukulu ngati ine. Palibe anaseka.

Esinati anabweranso, natenga dothi kukaliyeza, ndipo feteleza anapezekamo. Anandifunsa pakhonde la mayi, mofatsa: “Miyezi iwiri yonseyi mumandiona ndikulira, inu mukudziwa?” Ndinafunafuna nthabwala, sinapezeke. Anati za fetelezazo akanandikhululukira, koma osati kukhala chete kwanga pamene anzake ankamutcha wosadziwa ntchito.

Lero ndimagulitsa kachewere pa Lizulu. Basi ikaima, anzanga amathamangira makasitomala, ine ndimayamba ndayang'ana nkhope m'mawindo.

Inu amene muli ndi wokondedwa wa kafukufuku, akati musakhudze, ikani manja m'thumba. Mukalakwa, ululani tsiku lomwelo, mnzanu asanasenze mlandu wanu. Kachewere wa mbali yakumsewu ija mayi amati anali wokoma. Ine sindinalaweko.